Mabowo Anayi pa Chitseko

3 Febuluwale

Achimwene,

Moni wochokera kuno kumakina. Ine ndili bwino, kungoti msana wayamba kudandaula ngati wa nkhalamba, ndipo pofika madzulo ulusi umodzi ndimauona uwiri. Kaya inu, alamu anga ndi ana? Nanga kushopu, matabwa akukumverani?

Ndalemba chifukwa mwana wanga wandiiwala. Chibwerereni ine kuno mu Januwale, dalaivala wa lole ya nsalu wabwera kawiri wopanda kalata yake. Ndikamufunsa amangotambasula manja. Kodi Kabatani wakula mpaka kuleka kulembera mayi ake? Mum'kumbutse kuti dzinalo munam'patsa ndinu atameza batani la malaya anu, ndipo amene anakhala masiku awiri akuliyembekezera kuti lituluke ndine. Ulemu wanga andipatse.

Pafoni musandiyembekezere. Polowa mufakitale amatilanda, ndipo kuchipinda timagona anthu khumi ndi awiri, aliyense makutu ali tcheru. Nkhani ya m'banja ikalowa mmenemo imatuluka itasokedwa kale.

Mundiuze ngati dzina lake lalembedwa pa mayeso a boma, paja ndi mu Juni. Munditengerenso moni kwa aphunzitsi a masamu aja amene amamuphunzitsa mwapadera akaweruka anzake. Anthu otere ndi osowa. Ndikadzabwera mu Disembala ndidzawasokera malaya.

Ndine mlongo wanu.


20 Febuluwale

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tili moyo. Kalata yako ndalandira, ndipo ndakhala nayo m'thumba masiku anayi chifukwa sindimadziwa poyambira. Ine dzanja langa linazolowera sowo, osati cholembera.

Dzina la mwana linalembedwa, nambala ya mayeso inabwera. Imeneyo ndiye nkhani yabwino.

Ina ndi iyi. Malaya a aphunzitsi aja usasoke. Kabatani anakomoka pa mzere m'mawa wina, ndipo atamutengera kuchipatala anauza namwino zimene aphunzitsiwo akhala akumuchita m'kachipinda kosungira mabuku. Akuti zinayamba chaka chatha. Ife m'nyumba sitinadziwe kanthu. Namwinoyo sanatifunse n'komwe, anangopita kupolisi. Aphunzitsiwo anagona m'chitokosi masiku awiri, pano ali panja pa belo. Mlandu ulowa m'khoti mwezi wamawa. Mwana alibe mimba, usade nkhawa ndi zimenezo.

Koma kuno kwatentha. Masamu pasukulu paja amaphunzitsa ndi iwo okha, ndiye chiwaimitsireni ntchito ana akungokhala. Makolo akuti mwana wathu waphera anzake tsogolo. Alamu ako akapita kumsika anthu amangoti zii, akadutsa n'kuyamba kuseka. Dzulo mayi wina wawafunsa kuti, "Kodi kamtsikana kanu kaja kankatsalira kokha bwanji, anzake onse atapita?" Alamu ako abwera akulira, ndipo mwana amulankhula mawu amene sindingalembe.

Ahedi anabwera kushopu. Sananene zambiri, anangosisita madesiki makumi anayi amene ndikuwakhomera, n'kunena kuti nkhani zina zimatha bwino anthu akakhala pansi. Ukudziwa wekha kuti ntchito yanga yambiri imachokera pasukulu pomwepo, ndiponso mwana wanga wamkulu ali m'kalasi imodzi ndi Kabatani.

Mwana sakupita kusukulu. Amangokhala kuseri kwa shopu pa mulu wa utuchi. Undiuze chochita, mwana ndi wako.

Ndine mchimwene wako.


6 Malichi

Achimwene,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli pa moni.

Kalata yanu ndinawerengera kuchimbudzi, chifukwa ndi malo okhawo otsekeka kuno. Nditabwerera pa makina ndinadzisoka chala, singano kulowa pa chikhadabo, ine osamva. Ine ndemwe ndinamuuza mwanayo kuti azitsalira. Ine ndemwe ndinati, "Aphunzitsi akakuitana usamachedwe." Mu Disembala ndinagona naye bedi limodzi sabata ziwiri, ndipo ndinkamuseka kuti wayamba matama poti sankayankhula.

Ndinapita kuofesi kukapempha kuti ndibwere. Abwana anati tchuthi ndi Disembala basi, pokhapokha pakhale maliro, ndipo afune kuona pepala la malirowo. Pasipoti yanga ili m'kabati mwawo mpaka kontirakiti ithe. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana kabatiyo ngati chitsiru mpaka belu linalira.

Alamu muwauze kuti pakamwa pawo asungire ana awo. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri saitana bambo wa imvi m'chipinda. Woitana ndi amene ali ndi kiyi.

Achimwene, inu ndinu maso anga kumeneko. Chimene ndikufuna ndi chimodzi: mwana wanga alembe mayeso. Ndasoka makolala zaka zisanu ndi chimodzi kuti iye asadzasoke. Chitani chilichonse kuti nkhaniyi ithe msanga, asamangomuzunguza m'makhoti mpaka Juni. Mum'patse pepala ndi cholembera andilembere yekha.

Mlongo wanu.


14 Malichi

Amayi,

Muli bwanji? Chala chapola? Amalume anandiwerengera pamene munalemba za chala, kwinako anapinda.

Pepani kuti sindinalembe. Ndinkayamba, n'kung'amba. Ndinkaopa kuti mukadziwa musiya ntchito, ndiye mudzati ndi ine.

Kukhoti tapita kawiri. Ndi kachipinda kakang'ono, mabenchi ake ngati a kusukulu. Ine ndimaganiza kuti ofunsidwa akhala aphunzitsi aja. Koma iwo anangokhala phee atavala jekete, wofunsidwa ndinali ine, kuyambira m'mawa mpaka masana. Loya wawo anandifunsa kuti ndinalowa ndi miyendo ya ndani. Ndinati yanga. Anafunsa ngati anandipatsapo kanthu. Ndinati buku la masamu ndi rula. Anati, "Ndiye unalandira?" Anthu anaseka.

Kenako anatulutsa siketi yanga ya yunifolomu, ija munasoka inu, n'kuiyeza ndi tepi pamaso pa anthu. Anati ndi yaifupi ndi zala zinayi kuposa lamulo la sukulu. Ndinafuna kunena kuti munasoka ndili wamfupi, ndipo mpendero munausiya waukulu kuti tidzautsitse, kungoti tinaiwala.

Anafunsa chifukwa chake sindinathawe. Ndinati chitseko ankachitseka ndi kachitsulo kokoka kaja, kam'kati, kamene kali pamwamba poti ine sindifika. Ahedi ataitanidwa analumbira kuti kachipinda ka mabuku kamakhomedwa kunja kokha, m'kati mulibe chotsekera chilichonse. Wapolisi anati anapita kukaona, sanapeze kanthu. Ndiye ine ndine wabodza.

Amayi, kachitsuloko kanalipo. Ndimakamva ngakhale pano. Ndinayang'ana amalume pa benchi yakumbuyo kuti mwina anena kanthu, poti zitseko za pasukulu amazidziwa, koma anali akuyang'ana zikhadabo zawo.

Azakhali akuti ndisamadye pamodzi ndi ana awo aakazi. Sindikudandaula, kushopu kuli bwino, kumanunkhira matabwa. Mabuku ndikuwerenga, kupatula masamu. Ndikatsegula, ndimamva mawu awo akuwerenga funso.

Musasiye ntchito.

Ndine Kabatani wanu.


2 Epulo

Mlongo wanga,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. Nkhani ija yatha monga unafunira, Juni asanafike.

Sabata yatha kunabwera ahedi, akomiti ya makolo awiri ndi mkazi wa aphunzitsi aja ali ndi khanda kumbuyo. Anabwera ndi kalata yolembalemba yonena kuti ife a banja takhululuka ndipo sitikufuna kuti munthu akaonongekere kundende. Anati ndikasaina, aphunzitsiwo avomera mlandu wocheperako, mwana sadzaitanidwanso kukafunsidwa. Ndikakana, loya apempha masiku ena, mwina mpaka Ogasiti. Ndinakumbuka mawu ako akuti ndichite chilichonse kuti ithe msanga. Ndinawaonetsa kalata yako, iwo anati imeneyo ndiye yabwino kwambiri, ipite nawo. Ndinasaina.

Lachitatu woweruza anagamula. Anati munthuyo ndi wolakwa ndithu, sanayenere kutero ndi mwana wa sukulu. Koma anati aganizira kuti n'koyamba kupalamula, ali ndi ana anayi, wakhozetsa ana ambiri masamu kwa zaka khumi ndi zisanu, mtsikanayo ndi wamkulu ndithu ndipo ankapita yekha pa chitseko chosatseka, komanso mayi ake enieni alemba kuti nkhani ithe. Anawerenga mzere wako uja mokweza. Chilango ndi zaka ziwiri, koma sakalowa m'ndende bola asapalamulenso.

Panja anthu anaimba m'manja. Ena anabwera kudzandigwira chanza kuti ndine munthu womvetsa zinthu. Akomiti alembera kale akuluakulu a maphunziro kuti aphunzitsiwo abwerere msanga chifukwa mayeso ayandikira.

Kabatani sanalankhule chichokereni kukhoti. Ndikuona ngati ndi kutopa. Ukamulembera umulimbikitse abwerere m'kalasi. Madesiki aja ndapereka.

Mchimwene wako.


19 Epulo

Achimwene,

Lero moni ndilibe.

Lole inaonongeka panjira mwezi wathunthu, ndiye dalaivala wandipatsa makalata awiri tsiku limodzi: ya mwana wanga ya pa 14 Malichi ndi yanu ya pa 2 Epulo. Ndikanalandira yake nthawi yake, bwenzi nditakulemberani kuti dzanja lanu lisakhudze pepala la anthu amenewo.

Ndinati nkhani ithe msanga. Sindinati muigulitse. Ndinalembera inu, mchimwene wanga, ndikulira m'chimbudzi, ndipo inu munatenga misozi yangayo n'kukapatsa loya wa munthu amene anaononga mwana wanga. Mwana anakhala pa benchi n'kumva mayi ake akuwerengedwa kumbali ya mdani wake. Mukuti ndi kutopa? Mwaganiza bwino?

Siketi ija ndinasoka ndine. Ngati zala zinayi za nsalu ndi mlandu, abwere adzamange ine. Adziwa pondipeza, sindingathawe, pasipoti ili m'kabati.

Tsopano ndikufunseni, ndipo mundiyankhe ngati mmisiri, osati ngati munthu womvetsa zinthu. Pasukulu paja palibe chitseko chimene simunapachike inu. Mumadzitama nokha kuti ngakhale msomali wa belu ndi wanu. Mwana akuti m'kati munali kachitsulo, pamwamba. Ahedi akuti munalibe. Inu munali chete. Achimwene, anakhoma kachitsulo kaja ndani?

Mwana mumuchotse pasukulu imeneyo, akalembere kwina. Ndaikamo kachidutswa ka tepi yanga yoyezera, ndadula pa masentimita makumi atatu. Mum'patse pamodzi ndi kapepala kali m'katimo, ndipo musakawerenge. Rula ya munthu uja aitaye.

Mlongo wanu, poti magazi sasankha.


6 Meyi

Mlongo wanga,

Moni, ngakhale sundiyankha.

Ndinakhoma ndine.

Chaka chatha mu Meyi mphunzitsi uja anandiitana kuti ana amamusokoneza akamachonga mapepala. Ndinamuuza kuti kachipinda kosungira katundu sitiika chotsekera m'kati, katundu sadzitsekera yekha. Anaseka, nati ndiike pamwamba kuti ana asamaseweretse. Ndinayeza ndi dzanja langa, ndinaboola mabowo anayi, ndinamanga. Ntchito ya mphindi khumi. Ndinabwera kunyumba n'kuuza alamu ako kuti aphunzitsi awa ndi akhama.

Tsiku lija kukhoti mwana atatchula kachitsulo, ndinayang'ana zikhadabo zanga. Ndinadziuza kuti sanandifunse. Ndinadziuza kuti ndikaimirira, anthu adzati amalume ake ndi amene anamukonzera khola. Ndinaganiza za madesiki. Zonsezi ndinaganiza, mwana akundiyang'ana.

Nditalandira kalata yako ndinapita kukaona chitsekocho. Kachitsulo anachotsa, m'mabowo anamatamo sopo n'kudetsa ndi dothi. Wapolisi sangaone, koma ine ndinaona ndili pakhomo. Ndinakanda ndi chikhadabo, onse anayi alipo.

Ndinapita kwa wapolisi woimira boma pa milandu. Anandisunga pa benchi tsiku lonse, kenako anati, "Bambo, munali kuti? Mlandu unatha, ndipo amene anasaina kuti wakhululuka ndinu." Za apilo anati masiku ake apita, komanso fayilo ili kwa akuluakulu. Ndinabwerera kusukulu, ndinazula chitseko chonsecho ahedi akukuwa, n'kuchikweza pa wilibala mpaka kukhoti. Mlonda anandibweza pageti, akuti umboni subwera wokha pa wilibala. Chili kushopu kuno, ndachitsamiritsa kukhoma. Ahedi anena kuti ndine wakuba ndipo pasukulu ndisadzapondenso. Alamu ako sakundiyankhula.

Zosamutsa mwana ndayesa. Ku ofesi ya mayeso akuti nambala ikatuluka imakhala ya sukulu yomweyo, mpando womwewo, sizisinthika. Akapanda kulembera pamenepo adikire chaka chamawa, ayambirenso. Chipinda cholembera ndi chija chachikulu, ndipo kachipinda ka mabuku kali m'kati mwake, kutsogolo, pafupi ndi bolodi.

Aphunzitsi aja anayambiranso ntchito Lolemba.

Mwana ndamuuza zonse ndekha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Munayeza ndi msinkhu wa ndani, amalume?" Tepi ndam'patsa, kapepala sindinawerenge.

Mchimwene wako, ngati ukundilolabe.


24 Juni

Amayi,

Muli bwanji? Ine ndilipo. Kapepala kanu ndimagona nako. Ndinadziwa kale kuti simunatanthauze zimene anawerenga kukhoti zija, komabe ndinafuna kuona ndi dzanja lanu.

M'kalasi sindinabwerere. Ndinkawerengera kushopu, tebulo langa linali chitseko chija. Amalume anachigoneka pa mipando iwiri chifukwa panalibe pena posalala. Poyamba sindinkafuna n'kuchikhudza komwe. Kenako ndinaona kuti chikagona pansi, mabowo aja ndimawafika bwinobwino.

Masamu ndiwo anandivuta. Njira iliyonse imene ndikudziwa anandiphunzitsa ndi iwo, ndipo imabwera ndi mawu awo. Msuweni wanga anandiuza zimene anthu akunena: ndikalephera, adzati mwaona, kamtsikana kaja mutu wake unali pa amuna. Ndikakhoza, adzati mwaona, mphunzitsi wabwino amene kankafuna kumumangitsa. Ndinafunsa amalume kuti ndiye ndichite chiyani. Anati sakudziwa. Aka kanali koyamba kuwamva akunena zoona msanga.

Mayeso ena onse ndinalemba bwino. Amalume ankandiperekeza mpaka pamsewu, poti pageti saloledwa, n'kukhala pa mwala mpaka nditatuluka. Anzanga sankandiyankhula. Mmodzi yekha anandigwira dzanja pa mzere, osandiyang'ana, n'kulisiya msanga.

Masamu tinalemba dzulo. Oyang'anira mayeso ndi ochokera kusukulu zina, ndiye aphunzitsi athu saloledwa kulowa. Koma a masamu aja anaima pakhomo penipeni ndi katoni ya marula, akugawira aliyense n'kumati, "Mukumbukire zimene ndinakuphunzitsani." Makolo ena anali pageti akuwayamika. Khomo ndi limodzi, Amayi. Ndinayang'ana mawindo, onse ali ndi zitsulo.

Nditafika anatambasula rula, akumwetulira kuti anthu aone. Anati, "Tenga, mwana wanga, zakale zinatha." Ndinatulutsa tepi yanu m'thumba, ndinaigwira m'mwamba, n'kudutsa. Ndinamva wina kumbuyo akuti, "Mwano."

Mayi woyang'anira anaitenga tepiyo, anaitembenuza uku ndi uku kufuna zolembalemba. Anafunsa kuti ndi ya ndani. Ndinati ndi ya amayi anga, amasoka makolala. Anandibwezera.

Mpando wanga unali wachitatu kuchokera kutsogolo, desiki yake yatsopano, ya amalume. Kachipinda kaja kanali pamaso panga, kopanda chitseko, poti sanapeze mmisiri wina. Ndinaona shelefu, tebulo ndi mpando uja. Ndi kakang'ono, Amayi. Sindinkadziwa kuti ndi kakang'ono choncho. Mphindi makumi awiri ndinangokhala, mawu awo akundiwerengera funso loyamba m'mutu.

Ndiye ndinayambira kumapeto. Funso lomaliza linali la kachigawo ka bwalo, kupeza utali wa m'mphepete mwake. Ndinakumbuka mmene munkadulira siketi yotambalala pa tebulo lathu, tepi pakamwa, mukundiuza kuti ndigwire pakati ndisasunthe. Ndinawerengera monga mumachitira inu. Njira yake ndi yaitali, mwina andichotsera malikisi, koma yankho linatuluka. Kuchoka pamenepo ndinabwerera chammbuyo mpaka funso loyamba. Awiri ndinasiya. Ena ndinachita kugwiritsa ntchito njira zawo, chifukwa zina ndilibe. Ndinasanza panja nditamaliza.

Ndikuganiza kuti ndakhoza. Zotsatira zikadzatuluka adzamata pa bolodi la pageti, ndipo pamwamba pa masamu amalembapo dzina la mphunzitsi. Ndiye dzina langa lidzakhala pansi pa lawo, anthu adzawagwira chanza. Palibe chimene ndingachite.

Amalume afunsa ngati awotche chitseko. Ndawauza ayi. Mudzachione kaye inu mu Disembala, mudzalowetse chala m'mabowomo, kuti pakhale munthu mmodzi amene sanachite kuuzidwa.

Siketi ija anatibwezera kukhoti m'pepala la pulasitiki, ili ndi nambala. Musanditumizire ina. Mukamabwera mudzatenge ulusi wabuluu, tidzatsitse mpendero uja.

Ndine Kabatani wanu.